Masamba a nkhuku zoikira: kaperekedwe kake ndi mmene mungadziwire ngati akuthandizadi

Funso limabwera mosiyanasiyana koma mutu wake ndi umodzi. Wina akuti nkhuku zake zikusosolana nthenga, azipatse tsamba lanji. Wina wamva kuti chammwamba chimachulukitsa mazira ndiye akufuna mlingo. Wina wathira alovera m'madzi mwezi wathunthu ndipo sakudziwa ngati zaphula kanthu. Ndayankha pafoni, ndayankha pa WhatsApp, mpaka ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Zomera zimathandiza, ndipo si nkhani yakumudzi yokha. Mayiko a European Union ataletsa mu 2006 kuika maantibayotiki okulitsa ziweto m'chakudya, opanga chakudya kumeneko anatembenukira kwambiri ku mafuta ochokera m'zomera monga oregano ndi thyme. Koma kwa nkhuku yoikira masamba ndi ndiwo, si nsima. Pano ndikunena za nkhuku zotsekeredwa m'khola la utuchi, kaya ndi za Hy-Line kaya za Mikolongwe, zija m'mabuku amazitchula Black Australorp. Zachikuda zoyendayenda zimadzithyolera zokha zomwe zikufuna.

1. Yambani mwayendera khola musanathyole tsamba

Ambiri amene amandifunsa za mankhwala a nkhuku zojomphana, vuto lawo limakhala pa mfundo ino. Thadzi loikira limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndipo limamwa madzi pafupifupi kuwirikiza kawiri chakudyacho, kuposanso apo kukatentha. Chakudya chake chimafuna puloteni wa 16 mpaka 18 peresenti ndi kashiamu wa pafupifupi 4 peresenti, chifukwa chigoba cha dzira limodzi chimatenga magalamu 2 a kashiamu, ndipo mawa lake pakufunikanso ena. Nkhuku ya madeya okhaokha singakonzedwe ndi tsamba lililonse.

Werengani nkhuku ndipo muyeze khola. Pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi pasapitirire nkhuku 6. Chisa chimodzi chikhale cha nkhuku 4 kapena 5, ndipo chikhale pa kamdima. Nkhuku iliyonse ipeze masentimita 10 pa chodyera ndi 15 pa mtanda wogonapo. Tapani utuchi m'manja n'kuufinya: ukagwirana ngati dongo, kapena mukagwada n'kumva fungo lolasa m'maso, sinthani utuchiwo lero. Ngati chimodzi mwa izi chaphonyeka, konzani chimenecho kaye n'kudikira sabata. Nthawi zambiri phokoso limatha lokha.

2. Sankhani chomera molingana ndi chimene mukufuna

Chammwamba, chomwe ambiri tsopano akungochitchula moringa, ndicho ndimachiika patsogolo. Masamba ake ouma amakhala ndi puloteni woposa gawo limodzi mwa magawo anayi, komanso zinthu zimene zimakometsa chikasu cha dzira. Amene amadyetsa chimanga choyera amadziwa dandaulo la ogula loti dzira ndi lotuwa mkati. Chammwamba chimathetsa dandaulo limeneli. Kholowa, nkhwani, bonongwe ndi chisoso ndi zabwino kupereka zaziwisi. Tsabola wofiira wakupsa amathandizanso mtundu wa chikasu, ndipo musade nkhawa ndi kuwawa kwake: mbalame sizimva ukali wa tsabola ngati mmene timaumvera anthu. Chimene tsabola sangachite ndi kuchiza matenda.

Chigwada ndi lukina zimafuna ulemu. Masamba aawisi a chinangwa ali ndi poizoni amene amachepa akaduladula, kufota ndi kuuma, choncho osawapereka ongothyola. Lukina ali ndi chinthu chotchedwa mimosine chomwe chikachuluka chimabwezera nkhuku m'mbuyo pa kudya ndi kuikira. Akhale wouma ndiponso wochepa, osafika 5 peresenti. Nimu ndi wowawa kwambiri ndipo amachititsa nkhuku kusiya chakudya, ndiye malo ake ndi m'chisa ndi m'fumbi losambamo, osati m'chodyera. Adyo pang'ono alibe vuto, koma akachuluka fungo lake limakafika m'dzira.

Izi zokha zisalowe m'kamwa mwa nkhuku ngakhale pang'ono: masamba ndi makoko a mapeyala, njere za nsatsi, ombwe uja ena amati mthuthu (ngati amapha nsomba m'dziwe, si chakudya), ndi masamba alionse a m'dimba lomwe lapoperedwa mankhwala posachedwa. Soya wosakazinga nayenso amalepheretsa nkhuku kugaya bwino chakudya, ndipo zotsalira za njere za thonje zikachuluka zimadetsa chikasu.

3. Umitsani pamthunzi

Musachite ngati mfutso. Osawiritsa, osayanika padzuwa. Pululani masamba kusiya timitengo, yalani mopyapyala pa mphasa pamalo odutsa mphepo, ndipo muziwatembenuza m'mawa ndi madzulo. Akamaphwanyika m'manja koma akadali obiriwira, auma. Akasanduka akhaki ndiye kuti dzuwa lawadya, ndipo zambiri zomwe mumafuna zapita. Sinjani mumtondo, sefani, sungani m'chigubu chotseka bwino pamalo amdima. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya ufa mufunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi opulula, ndiye yambani mwaona ngati mitengo yanu ingakwanitse.

Nyengo ya dzinja chenjerani ndi chuku. Ufa wa masamba ukayamba kununkha chinyezi kapena kupanga zibuluma, tayani. Poizoni wa chuku amaononga chiwindi cha nkhuku mwakachetechete, mazira n'kumangotsika inu osadziwa chifukwa.

4. Yezani pa sikelo, sakanizani pang'onopang'ono

"Dzanja limodzi" si mlingo. Gulani kasikelo kam'khitchini. Pa thumba la leyazi mashi (chakudya chogula cha nkhuku zoikira) la makilogalamu 50, peresenti imodzi ndi magalamu 500 a ufa wa chammwamba. Yambirani pamenepo sabata yoyamba, sabata yachiwiri kilogalamu imodzi, yachitatu kilogalamu imodzi ndi theka. Pamenepo mwafika 3 peresenti ndipo ine ndimaimira pomwepo. Malire ndi makilogalamu awiri ndi theka, omwe ndi 5 peresenti. Mukasakaniza za tsiku limodzi, nkhuku 50 zimadya makilogalamu 6, ndiye peresenti imodzi ndi magalamu 60 ndipo 3 peresenti ndi magalamu 180.

Chifukwa cha malirewa n'chakuti masamba ali ndi mphamvu zochepa kuyerekeza ndi chimanga, pomwe mimba ya nkhuku ili ndi polekezera. Malo amene masamba atenga ndi malo amene chakudya chenicheni chatayapo. Mukafika 10 peresenti kapena kupitirira, nkhuku imaoneka yokhuta koma mazira amachepa. Uku ndiko kulakwa kofala kwambiri: munthu waona chikasu chakongola ndiye akuti ndionjezere.

Posakaniza musakhuthulire ufa wonse pa mulu waukulu. Tengani ufawo muusakanize ndi chakudya chofanana nawo kuchuluka, kenako muonjezere china chofanana ndi chosakanizacho, n'kumapita motero mpaka thumba lithe. Mukapanda kutero nkhuku zina zidzadya masamba okhaokha pamene zina sizilawa n'komwe.

Za m'madzi ndinene mosabisa: sindizikonda kwenikweni. Alovera ndi adyo zimasintha kakomedwe ka madzi, ndipo nkhuku ikachepetsa kumwa imachepetsanso kudya ndi kuikira, popeza zam'kati mwa dzira magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Mu Okutobala ndi Novembala, makamaka kumadera otentha ngati Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Karonga, nkhuku imakhala ikupuma wefuwefu, mapiko ali tambasu, zigoba zikupyapyala. Pamenepo chimene ikufuna ndi madzi ozizira, mthunzi ndi mphepo. Ngati mwasankhabe kuthira, ikani chomwera china cha madzi oyera pambali, ndipo osakanizawo muzitaya ndi kutsuka chomweracho tsiku ndi tsiku.

5. Pachikani masamba aawisi

Apa ndi pamene zomera zimakhudza khalidwe la nkhuku mwachindunji, ndipo chinsinsi chake chili m'kaperekedwe kuposa m'tsamba. Nkhuku inalengedwa yopalasa. Yakutchire imatha gawo lalikulu la usana ikupalasa ndi kujompha pansi. Ya m'khola imakhuta m'kanthawi kochepa, koma mlomo umafunabe ntchito, ndipo ukasowa chojompha umapeza nthenga za inzake. Imodzi ikayamba zina zimaphunzira, ndipo magazi akangooneka zonse zimathamangira pamenepo.

Mangani mitolo ya chisoso, kholowa, bonongwe kapena nthambi za chammwamba ndi chingwe, n'kuipachika pamsinkhu wa mutu wa nkhuku kapena kupitirira pang'ono, kuti izichita kusolola khosi. Ikani mitolo ingapo motalikirana, umodzi pa nkhuku 10 mpaka 15. Mukaika umodzi wokha mwangoyambitsa ndewu. Perekani chakumasana zitadya kale chakudya chake, ndipo akhale ochepa oti atha pa ola limodzi kapena awiri. Zotsala chotsani madzulo zisavundire mu utuchi. Udzu wautali wolimba musapereke wosadula chifukwa umapiringizana n'kutseka njira ya chakudya. Ikaninso mbale ya timiyala ting'onoting'ono, poti nkhuku ilibe mano ndipo imaperera masamba ndi timiyalato.

Chinthu chimodzi chofunika: mukayamba musalekeze mwadzidzidzi. Nkhuku zozolowera mtolo wa masana zikaupeza palibe zimakhumudwa, ndipo kujomphana kumatha kubwera koposa kale. Dzalani kholowa kapena chammwamba pafupi ndi khola kuti chilimwe chisakupezeni mulibe kanthu.

6. Zikonzereni posambira fumbi

Nkhuku yathanzi imasamba fumbi pafupifupi tsiku lililonse lachiwiri, kawirikawiri dzuwa lili paliwombo. Umo ndi mmene imachotsera mafuta akale m'nthenga ndi kuchepetsa nsabwe. Tengani tayala lakale kapena beseni lalikulu, thiranimo dothi louma kapena mchenga wosalala, phulusa la nkhuni losefa lochepa kuposa dothilo, ndi masamba ouma a nimu ofikisa. Pakhale pouma nthawi zonse chifukwa phulusa lonyowa limawotcha khungu. Ena amaika fodya m'zisa. Ine sindilimbikitsa, popeza chikonga ndi poizoni kwa nkhuku yomweyo.

Dziwani kuti pali utitiri wina umene sukhala pathupi pa nkhuku. Usana umabisala m'ming'alu ya mitanda ndi zisa, usiku n'kutuluka kudzayamwa magazi. Pitani ndi tochi usiku, pukutani kunsi kwa mtanda ndi kansalu koyera. Mukaona timizere ta magazi, fumbi lokha silikwanira. Khola likufunika kusesedwa, ming'alu kumatidwa, ndi mankhwala amene alangizi a ziweto angakuuzeni.

7. Yesani, ndipo phunzirani kuwerenga nkhuku zanu

Iyi ndiyo mfundo yovuta, ndipo ndi imene ambiri amailumpha. Munthu amayamba chammwamba nkhuku zili ndi masabata 20, pakutha mwezi mazira achuluka, iye n'kumalengeza kuti chammwamba ndi chozizwitsa. Koma nkhuku za msinkhu umenewo mazira amakwera okha mpaka cha m'masabata 26 mpaka 30, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono. Winanso amayamba zili zakale, kapena kutentha kukuyamba, mazira n'kutsika, iye n'kuda masamba osalakwa. Popanda gulu loyerekezera simungasiyanitse ntchito ya tsamba ndi ntchito ya msinkhu kapena nyengo.

Gawani khola pakati ndi waya. Mbali zonse zikhale ndi nkhuku zofanana chiwerengero ndi msinkhu, zodyera, zomwera ndi zisa zofanana, ndipo chakudya chichoke m'thumba limodzi. Posankha musaike zonenepa mbali imodzi. Gwirani usiku, iyi uku, yotsatira uko. Onetsetsani kuti mbali ina siili padzuwa pamene inzake ili pamthunzi. Sabata yoyamba musapereke kanthu, chifukwa nkhuku zikagawidwa zimayamba zalimbirana ukulu, ndipo sabata imeneyi ndi yolemba mmene zinthu zilili musanasinthe. Kenako mbali imodzi yokha ilandire chinthu chimodzi chokha. Mukayamba chammwamba, adyo ndi mitolo tsiku limodzi, simudzadziwa chathandiza ndi chiti.

M'kope lembani tsiku ndi tsiku, mbali iliyonse payokha: mazira onse, osweka kapena ofewa, chakudya chomwe mwaika ndi chomwe chatsala, ndi maonekedwe a zitosi. Mazira muziwawerenga pa nkhuku 100 zilizonse: nkhuku 25 zikaikira mazira 20 ndiye 80 peresenti. Kusiyana kwa dzira limodzi kapena awiri patsiku kulibe tanthauzo. Yerekezani za sabata yonse, ndipo pitirizani masabata 4 mpaka 6. Chikasu chimayamba kusintha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chifukwa chimatenga masiku chikukula m'mimba mwa thadzi. Swani dzira la mbali iyi ndi la mbali inayo pa mbale yoyera, muone panja powala.

Tsopano kuwerenga khalidwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani mpando mukhale pakona mphindi 10, nthawi yofanana tsiku lililonse, makamaka masana. Mphindi zoyamba nkhuku zikhala zikuyang'ana inu, ndiye dikirani ziiwale. Khola labwino limamveka ndi kaphokoso kapansipansi. Zina zikupalasa, zina zikudzikonza nthenga, zina zagona cham'mbali m'fumbi mwendo uli tambalale. Khola losautsika muli kulira kwadzidzidzi, kuthamangitsana, kuyendayenda m'mbali mwa waya, ndi nkhuku zobisala m'zisa kapena zokhala pamtanda usana wonse poopa kutsika. Werengani kangati mwaona nkhuku ikukoka nthenga ya inzake mpaka inzakeyo kulira kapena kuthawa, ndipo nambalayo ilowe m'kope.

Si kutha kwa nthenga konse kumene kuli kofanana, ndiye yang'anani malo ake. Mabala a pamutu ndi palipombo ndi a ndewu yolimbirana ukulu, ndipo kawirikawiri amasonyeza kuti chodyera, chomwera kapena zisa zachepa. Dazi la pamsana, patsinde pa mchira ndi pamimba ndi la kusosolana kuja kwa mlomo wosowa ntchito, ndipo kumeneku ndi kumene mitolo imathandiza. Kujompha kotulukira dzira ndiko koopsa kuposa zonse chifukwa kumapha. Kumachuluka zisa zikakhala zowala kapena nkhuku zikamaikira pansi poonekera. Nthenga zikamathothoka kuyambira m'khosi popanda bala, zatsopano zikutuluka, nkhukuyo ikungosintha nthenga, isiyeni. Yang'ananinso pansi. Khola la nkhuku limayenera kukhala ndi tinthenga tating'ono mu utuchi. Mukaona nkhuku zili ndi dazi koma pansi pali mbee, ndiye kuti nthengazo zikudyedwa, ndipo muyambe mwafufuza chakudya.

Kamodzi pasabata gwirani nkhuku 10 mbali iliyonse, osasankha, muzipatse manambala: 0 ngati nthenga zili zonse, 1 ngati zathyokathyoka kapena pali kadazi, 2 ngati dazi ndi lalikulu kapena pali bala. Musayembekezere kuti nthenga zibwerera msanga. Yozulidwa ndi muzu womwe imamera pakapita masabata, koma yothyoka imadikira mpaka nkhuku idzasinthe nthenga. Chizindikiro choyamba choti zikuyenda ndi chakuti mabala atsopano asiya kuoneka ndipo nambala ya kukokana ija ikutsika. Yovulala ichotseni nthawi yomweyo, ikhale payokha mpaka bala litapola. Ndipo ngati mwaona kuti ndi imodzi kapena ziwiri zomwe zikuyambitsa, zipatuleni zimenezo.

Bwererani ku mlingo wam'mbuyo, kapena siyani, mukaona chimodzi mwa izi mbali yolandira masamba yokha: chakudya chotsala chachuluka moti zikudya mochepera ndi gawo limodzi mwa magawo 10, zitosi zasanduka zamadzimadzi kupitirira masiku atatu, zigoba zafewa, kapena mazira a sabata atsika masabata awiri otsatizana. Zitosi kubiriwirako pang'ono chifukwa cha masamba si vuto ngati zili zogwirana ndipo nkhuku ili yochangamuka. Ngati pakutha pa masabata 6 mbali ziwirizo zikufanana pa zonse, ndiye kuti chomeracho sichikukupatsani kanthu m'khola lanu, ndipo nthawi yanu yothyola ndi kusinja ili ndi mtengo wake.

Amene khola lawo ndi laling'ono losagawika, lembani masabata awiri musanayambe, ndipo musayambe pamene nkhuku zangoyamba kuikira, nyengo ikusintha, kapena mwangosintha mtundu wa chakudya.

8. Pamene masamba sangafike

Chitopa chimayamba ndi vairasi, ndipo palibe alovera, tsabola, nimu kapena chammwamba chimene chimachiza kapena kuchiteteza. Zimandipweteka kuona munthu akutaya khola lonse chifukwa anadalira madzi a masamba n'kulumpha katemera. Katemera wa I-2, wodontheza m'diso, amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse; palinso wa LaSota amene ambiri amapereka m'madzi. Anthu ena amapereka njere za papaya ndi za maungu pofuna kupha njoka za m'mimba, koma mukaona njoka m'zitosi kapena nkhuku zikuwonda zikudya, pamafunika mankhwala enieni, ndipo mufunse masiku amene mazira sayenera kudyedwa kapena kugulitsidwa.

Nkhuku zikayamba kufa motsatizana, kupinda khosi, kupuma mokoka, kutulutsa zitosi zobiriwira zamadzi zili zofooka, kapena mazira akagwa ndi theka m'masiku ochepa, patulani zodwala, musagulitse kapena kupereka nkhuku kwa anansi, ndipo itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Pa katemera wa m'madzi, siyani kuthira chilichonse m'zomwera masiku awiri asanafike ndi tsiku lotsatira lake, tsukani zomwerazo ndi madzi okha popanda sopo, ndipo gwiritsani ntchito madzi opanda klorini, chifukwa katemerayu ndi wamoyo ndipo klorini amamupha.